Koini mwamupatsa, nanga ngongole yake mubweza liti?

Pa 29 Okutobala 2021, a Joe Biden, omwe panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko la America, anakacheza ndi Papa Francis ku Vatican. Itakwana nthawi yopatsana mphatso, a Biden anatulutsa kachitsulo kozungulira n'kuwafumbatitsa Papa m'dzanja. Mbali imodzi ya kachitsuloko inali ndi chizindikiro cha gulu lankhondo la ku Delaware lomwe mwana wawo, malemu Beau Biden, anapita nalo ku Iraq. Kenaka anawauza Papa lamulo lake: akadzakumananso Papayo n'kupezeka kuti kachitsuloko alibe, zakumwa adzagula ndi iwowo. Anthu anaseka, atolankhani analemba. Koma ndani anafunsa kuti mwambo wa m'mabala a asilikali wamba wafika bwanji kunyumba ya Papa? Ndipo pa ulendo wautali chonchi, wataya chiyani m'njira?

Eni ake amaitcha challenge coin. Ndi koini yomwe sungagulire ngakhale machesi. Kawirikawiri imakhala ya mkuwa, yotambalala masentimita 4 kapena 5, ndipo pamwamba pake amadindapo chizindikiro cha gulu lankhondo, nambala yake ndi mawu omwe gululo limadzitama nawo. Mkulu wa asilikali akafuna kuthokoza mnyamata wake saitanitsa perete ayi. Amabisa koiniyo m'chikhatho, napereka moni wa m'manja, koini n'kusamukira m'dzanja la winayo anthu oima pafupi osadziwa. Silembedwa m'failo ya munthu. Sikweza malipiro. Sivalidwa pachifuwa ngati mendulo. Malo ake ndi m'thumba.

Chifukwa chokhalira m'thumba chimaoneka madzulo, kumowa. Msilikali mmodzi amatulutsa koini yake n'kuimenyetsa patebulo, ndipo aliyense wamva kulira kwa chitsuloko ayenera kuonetsa yake nthawi yomweyo. Yemwe alibe amagulira anzake onse mowa. Onse akaonetsa, woyambitsayo ndiye amalipira. Malamulo ake amasiyana gulu ndi gulu, koma ambiri amagwirizana pa zingapo: koini ikhale pomwe mkono ungafike, ukaigwetsa mwangozi ndiye kuti wayambitsa mlandu, ndipo ukaiboola kuti uzivala m'khosi kapena kumangirirako makiyi yasiya kukhala koini. Palibe chowiringula, ngakhale akupeze kubafa.

Sitikunyoza mwambowu, ndipo wounyoza sanaumvetse. Mendulo imayenda ulendo wautali. Wina alembe lipoti, wina asaine, komiti ikhale pansi, miyezi ipite, mwinanso pepala lisowe. Nanga makaniko yemwe wachezera usiku wonse kukonza injini kuti ndege inyamuke m'mawa, kapena wophika yemwe wadyetsa anthu mazana pomwe galimoto yobweretsa zakudya sinafike, adzalembedwa ndi yani? Koini imamupeza tsiku lomwelo, kuchokera kwa munthu yemwe waona ndi maso ake. Ku Lackland, mu mzinda wa San Antonio, komwe asilikali a mumlengalenga amaphunzirira usilikali, achinyamata amalandira koini yawo yoyamba akamaliza maphunziro, ndipo kuyambira pamenepo satchedwanso ophunzira. Makolo amayenda mitunda yaitali kukaonerera zimenezi. Mu Novembala 2009, anthu 13 ataphedwa ndi msilikali mnzawo ku Fort Hood, a Barack Obama anayenda pa mzere wa zithunzi za malemuwo n'kusiya koini pa chilichonse. Palibe yemwe anaona ngati masewera.

Tsono vuto lili pati? Tiyambire pa nkhani yomwe eni mwambowu amakonda kukamba akafunsidwa chiyambi chake.

Akuti pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mnyamata wina wa kubanja lolemera anasulitsa timamendulo ta mkuwa n'kugawira anzake oyendetsa ndege. Akuti mmodzi anagwetsedwa, Majeremani anamugwira n'kumulanda zonse kupatula kathumba kachikopa komwe kanali m'khosi. Akuti anathawa, anafika kwa Afalansa, iwo n'kumuyesa kazitape, ndipo atatsala pang'ono kumuombera anatulutsa kamendulo kaja. M'malo mwa chipolopolo anam'patsa botolo la vinyo. Nkhani yokoma. Koma woyendetsa ndegeyo dzina lake ndani? Gulu lake linali liti? Mudzi wa Afalansawo ndi uti? Nkhaniyi yakambidwa kwa zaka zambirimbiri popanda dzina, tsiku kapena pepala. Ndi nkhani ya m'maluwa.

Pomwe asilikali a nkhondo yomweyo ali ndi nkhani ina yomwe ili ndi tsiku, malo ndi zithunzi. Boma la America linawalonjeza ndalama yothokoza, koma linati adzalandira mu 1945. Chuma chitagwa, njala itawakwana, zikwizikwi anapita ku Washington mu 1932 kukapempha kuti awapatsiretu, namanga zisakasa m'mbali mwa mtsinje wa Anacostia. Pa 28 Julayi chaka chomwecho, General Douglas MacArthur anatsogolera asilikali apamahatchi ndi akasinja kukawathamangitsa ndi utsi wokhetsa misozi, zisakasa zija n'kutenthedwa. Ndalamayo anadzailandira mu 1936. Bwanji nkhani ya botolo la vinyo imasindikizidwa pa timapepala togulitsira makoini, pomwe ya zisakasa za ku Anacostia imasiyidwa m'mabuku a kusukulu? Kodi n'chifukwa choti yoyambayo imati kachitsulo kamapulumutsa msilikali, pomwe yachiwiriyo imafunsa kuti boma linali kuti?

Zomwe zili ndi umboni n'zochepa, ndipo n'zopanda zokometsera. Pa nkhondo ya ku Korea, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Colonel William Quinn anasulitsa makoini a gulu lake la 17th Infantry Regiment, okhala ndi chithunzi cha njati. Mu 1969, Colonel Verne Greene anachita zomwezo ku gulu la 10th Special Forces Group. Za mowazo ambiri amazilumikiza ndi asilikali a America omwe anatsala ku Germany nkhondo yachiwiri itatha, omwe ankafunsana pfennig, kandalama kochepetsetsa ka kumeneko: wopezeka alibe ankagula. Ena amakamba za ku Vietnam, komwe akuti anyamata ankamenyetsa zipolopolo patebulo mpaka ena anayamba kubwera ndi zida zikuluzikulu, akuluakulu n'kuona kuti bola koini. Chomwe chikuoneka apa n'chakuti mwambowu unali wa magulu ochepa, a anthu odziwana nkhope. Koini inkafunsa funso limodzi: kodi ndiwe mnzathu?

Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mwambowu unafalikira ngati moto wolusa. Lero gulu lililonse lili ndi yake, sitima yankhondo iliyonse ili ndi yake, mkulu aliyense wa nyenyezi paphewa ali ndi yake yokhala ndi dzina lake. Aphungu ali nawo, nduna zili nawo, apolisi, ozimitsa moto, ngakhale makampani ogulitsa zida ku boma. A Bill Clinton ndiwo anayamba kukhala ndi koini ya upulezidenti, ndipo pa chithunzi chawo chomwe Simmie Knox anajambula, chopachikidwa ku White House, kumbuyo kwawo kukuoneka mizere ya makoini omwe asilikali anawapatsa. Ochuluka mwa makoini a masiku ano amasulidwa m'mafakitale a ku China, ndipo pa intaneti aliyense wokhala ndi madola ochepa atha kugula ya gulu lomwe sanalionepo chikhalire. Ngati chizindikiro cha ubale chili pa msika, chikuzindikiritsa chiyani? Munthu akakuonetsa bokosi la galasi lodzaza makoini 200, akukuuza kuti anatumikira kwambiri, kapena kuti anaima pafupi ndi akuluakulu ambiri?

Funso lachiwirili si lachipongwe. M'mabala ena lamulo linasintha: onse akaonetsa makoini, wopambana ndi yemwe koini yake inachokera kwa munthu wa udindo waukulu kuposa onse. Ya General imagonjetsa ya Colonel, ya nduna ya zachitetezo imagonjetsa ya General, ya pulezidenti imagonjetsa zonse. Taganizani bwino. Msilikali yemwe anakhala chaka chathunthu m'mapiri a ku Afghanistan ali ndi koini ya gulu lake yokha. Dalaivala yemwe anayendetsa nduna kuchoka pa bwalo la ndege kupita kuhotela ali ndi ya nduna. Wogula mowa ndani pamenepa? Funso lija lakuti "kodi ndiwe mnzathu?" lasanduka lakuti "unagwirana chanza ndi yani?" Kodi ndi mwambo womwewo, kapena ndi wina wovala yunifolomu ya woyambawo?

Zinafika poipa mu Disembala 2017, pomwe nyuzipepala zinaonetsa koini yatsopano ya a Donald Trump. Inali yonyezimira ngati golide, yokhuthala kuposa za omwe anawatsogolera. Mawu a Chilatini omwe ali pa chidindo cha dzikolo, onena za ambiri kukhala amodzi, anachotsedwa, m'malo mwake n'kulembapo mawu a kampeni yawo. Dzina lawo linalembedwa katatu. Ife kuno chinthu chotere timachidziwa: ndi chitenje cha chipani chija chogawidwa pa msonkhano, chomwe wolandira amayesa mphatso pomwe wapatsidwa ntchito yoyenda ndi nkhope ya mwini wake. Koma msilikali wa ku America amalumbira kuteteza malamulo oyendetsera dziko, osati munthu kapena chipani. Akalandira koini yotere m'chikhatho, wathokozedwa kapena walembedwa m'kaundula wa ochemerera? Angaikane pamaso pa mkulu wa asilikali onse?

Chaka chotsatira, ofesi ya asilikali yoona za mauthenga ku White House inasulitsa koini yokumbukira msonkhano wa a Trump ndi a Kim Jong Un a ku North Korea, msonkhanowo usanachitike n'komwe. Pa 24 Meyi 2018 a Trump analemba kalata youthetsa, koini itasulidwa kale. Anadzakumanabe ku Singapore pa 12 Juni, koma zida za nyukiliya za North Korea zilipobe mpaka lero. Kale ntchito inkayamba, koini n'kutsatira. Zinatembenuka liti?

Palinso mbali ina yomwe okonda mwambowu safuna kuiyang'ana. Chinthu chomwe chimati "awa ndi athu" chimatinso "awo si athu", ndipo chifukwa koini imayenda mobisa, m'chikhatho, popanda wosaina, itha kunena zomwe munthu sangayerekeze kunena pa perete. Mu Ogasiti 2017, pa zionetsero za ku Phoenix, wapolisi anaombera munthu wina kumaliseche ndi kachipolopolo ka tsabola. Mu 2021 zinaululika kuti apolisi ena a mu mzindawo ankagawana koini yosangalalira zimenezo, yokhala ndi mawu otengera mwambi wa magulu osankhana mitundu. Mu Seputembala 2021, dziko lonse linaona zithunzi za alonda a m'malire ali pa mahatchi akuthamangitsa anthu a ku Haiti pa mtsinje wa Rio Grande, ku Del Rio. Patapita miyezi, chithunzi cha mlonda atagwira malaya a munthu wothawayo chinapezeka pa koini. Akuluakulu a nthambi ya alondawo anati koiniyo si ya boma ndipo anaidzudzula. Chabwino. Koma anaisulitsa ndani, ndipo ankayembekezera kuti agula ndani? Munthu amasulitsa chitsulo kuti chikhalitse. Ndi chiyani chomwe ankafuna kuti chisaiwalike?

Za mowazo nazo tisazilumphe. Kafukufuku wa unduna wa zachitetezo wa mu 2018 anapeza kuti msilikali mmodzi mwa atatu aliwonse amamwa mopyola muyeso pa nthawi imodzi. Gulu lomwe lili ndi vuto lotere likadali ndi mwambo woti chilango cha kuiwala ndi mowa, mphotho ya kukumbukira ndi mowanso. Nanga yemwe akuyesetsa kusiya, akhale pati koini ikalira patebulo?

Komabe funso lalikulu si la m'bala. Lili kwa opereka. Akuluakulu athu anati kupatsa n'kuika. Mkulu akafumbatitsa msilikali koini, akunena kuti ndakuona, ndikukudziwa, ndiwe wanga. Amenewo ndi mawu a ngongole. Ndani amabwera kudzaitolera?

Mu Febuluwale 2007, atolankhani awiri a Washington Post, Dana Priest ndi Anne Hull, analemba za chipatala cha asilikali cha Walter Reed, chomwe chinali makilomita ochepa kuchokera ku White House. Ndi chipatala chomwe andale ndi akuluakulu a asilikali ankapitako kawirikawiri kukazonda ovulala, kujambulitsa ndi kusiya makoini pambali pa bedi. Kutsidya kwa msewu, mu nyumba yotchedwa Building 18, asilikali ovulala omwe anatuluka m'mawodi ankagona m'zipinda za nkhungu m'makoma, mbewa ndi mphemvu, akudikira miyezi kuti mapepala awo ayende. Alendo olemekezeka onse aja, palibe ndi mmodzi yemwe anawoloka msewu? Kapena koini inali njira yothetsera macheza msanga, kuti funso lisabwere?

Pano tiyenera kutchula munthu yemwe koini yake inali ndi polemera. A Robert Gates anali atangokhala nduna ya zachitetezo pomwe nkhani ya Walter Reed inaphulika, ndipo pasanathe milungu iwiri mkulu wa chipatalacho ndi nduna yoyang'anira asilikali apamtunda, a Francis Harvey, anali atachoka pa maudindo. Ndi a Gates omwewo anakakamiza kuti agule mwachangu galimoto zolimba zopirira mabomba okwiriridwa mu msewu, komanso analamula kuti msilikali wovulala ku Afghanistan azifika pa chipatala pasanathe ola limodzi. Mu Juni 2011, akutsazika, anayendera misasa ya ku Afghanistan n'kuima padzuwa kugwirana chanza ndi asilikali mmodzimmodzi, aliyense n'kumupatsa koini. Chitsulo chake chinali chofanana ndi cha ena onse. Kusiyana kwake kunali koti wolandira ankadziwa chomwe woperekayo anachita asanatambasule dzanja. Ndi angati mwa ogawa makoini lero angapirire kuyezedwa ndi muyeso umenewu?

Chifukwa ziwerengero sizinama. Unduna woona za asilikali opuma umalengeza chaka ndi chaka kuti oposa 6,000 mwa iwo amadzipha. Mu 2021 anali 6,392, pafupifupi anthu 17 tsiku lililonse. Ambiri ndi achikulire, a nkhondo zakale, koma taikani nambalayi pambali pa ina: asilikali a America omwe anafa pa nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, zaka 20 zonse, ndi pafupifupi 7,000. Usiku umodzi wa mu Januwale 2024, owerenga anapeza asilikali opuma pafupifupi 33,000 opanda pokhala. Nambalayi yatsika ndi theka n'kupitirira poyerekeza ndi mu 2010, ndipo inatsika chifukwa boma linaika ndalama zolipirira anthu nyumba ndi kulemba ntchito owatsatira. Ndiye kuti zimatheka. Zikatheka chonchi, otsalawo akudikira chiyani? M'matumba mwa angati mwa iwo muli koini yolembedwa kuti sitisiya mnzathu m'mbuyo?

Wowerenga wa kuno asaganize kuti izi n'zakutali kwenikweni. Makoini ndi a ku America, koma kuthokoza msilikali ndi chitsulo tinakuona kale. Agogo athu a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, anabwera ndi mamendulo, ndipo chipilala chokumbukira gulu lawo chili ku Zomba. Koma nkhondo yachiwiri itatha, ndalama yothokoza inawerengedwa motengera khungu: msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, wakuda atatu ndi theka. Mendulo inali imodzimodzi. Kodi si chifukwa chake inali yosavuta kupereka?

Kutchipa kumeneku ndiye mtima wa nkhaniyi. Malamulo a asilikali a America amalola akuluakulu kugula makoini ena ndi ndalama za misonkho, bola akhale operekedwa ngati mphotho. Mu 2013, bajeti ya boma itadulidwa, asilikali apamadzi anaimitsa kaye kugula makoini ndi ndalama za boma. Palibe sitima yomwe inamira chifukwa cha zimenezo. Ndalama zake n'zochepa, ndipo sitikunena kuti zikanamanga chipatala. Tikunena kuti chinthu chotchipa chonchi chimapatsa woperekayo mtima woti wachitapo kanthu. Kodi pali china choopsa kwa msilikali wovulala kuposa mtsogoleri yemwe akumva kuti wachita kale mbali yake?

Taonani nkhani ya maenje otenthera zinyalala. M'misasa ya ku Iraq ndi Afghanistan, zonyansa zonse, mapulasitiki, matayala, mabatire, zotsala za kuchipatala, ankazithira mafuta a ndege n'kuziyatsa m'maenje akuluakulu, usana ndi usiku, asilikali akugona ndi kudya mu utsi womwewo. Atabwerera kwawo ambiri anayamba kudwala mapapo ndi khansa zachilendo. Kwa zaka zoposa 10, madandaulo oposa 7 mwa 10 aliwonse okhudza utsiwu ankakanidwa, boma likuti wodwala abweretse umboni woti matenda ake anachokera ku dzenje. Munthu wopuma movutikira akautenga kuti umboni wa utsi womwe unauluka zaka zapitazo kudziko la eni? Ndipo anthu omwe ankamufunsa umboniwo, si a boma lomwe lija linamufumbatitsa koini osamufunsa kalikonse?

Lamulo lothetsa zimenezi, lotchedwa PACT Act, linafika ku nyumba ya Senate mu 2022. Mu Juni linadutsa ndi mavoti ochuluka. Litabwereranso pa 27 Julayi chifukwa cha kukonza kochepa, aphungu 25 omwe analivomera poyamba anatembenuka n'kulitsekereza. Asilikali opuma, ena odwala, pamodzi ndi amayi amasiye, anayala mphasa pa masitepe a nyumba ya malamulo n'kugona pomwepo, kutentha ndi mvula zikuwapeza, mpaka pa 2 Ogasiti pomwe lamulolo linadutsa ndi mavoti 86 kwa 11. Linasainidwa pa 10 Ogasiti. M'mawu a lamulolo munalibe chomwe chinasintha pakati pa 27 Julayi ndi 2 Ogasiti. Nanga aphungu 25 aja anaona chiyani pa masitepe paja chomwe sanachione m'zaka zonse zomwe ankayendera misasa ndi zipatala, akugwirana chanza ndi anthu omwewa?